Kutopa kwa Olemekezeka a Kamtedza

A Spencer Kamtedza akhala phungu wa dera lakwawo zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo chisankho chilichonse chikamayandikira amatopa. Amaima pamsonkhano atagwira msana n'kulengeza kuti basi akapume. Kenako amayi achipani amabwera pa lole kudzawagwadira ndi nyimbo, iwo n'kukana katatu, kachinayi n'kulola, misozi ili chuchuchu. Chaka chino anatopa monga mwa nthawi zonse, n'kukwera ndege kubwera ku Nairobi kumsonkhano wa aphungu, komwe foni yawo ya ku Malawi inakana kugwira. Choncho Mose, mkulu wa kampeni yawo, anapatsidwa nambala ya Lenah, mwana wa mlongo wawo, amene amagwira ntchito konkuno kubungwe loona za ufulu wa okalamba. Tsiku limene chipani chimatseka kulandira mayina, awiriwa anali m'galimoto ya Lenah, itaima nji pamzere wa magalimoto pamsewu wa Ngong Road.

"Foni yakoyo ili ndi moto?" anafunsa a Spencer, maso ali pawindo ngati sizikuwakhudza.

"Yadzadza, amalume."

"Nanga bwanji ili zii?"

"Ndinaitontholetsa kuti mupume."

"Mose sanaimbe?"

"Anaimba dzulo, kangapo konse. Amati lole yapezeka, amayi nyimbo aphunzira, akufuna akuimbireni pa vidiyo kuti muwaone akukupemphani."

Mtima wa a Spencer unakhala m'malo. Anakonza tayi, n'kupukusa mutu mwachisoni chimene anachizolowera.

"Aaa, anthu amenewa! Sandipatsa mpata. Ine ndatopa, mwanawe."

"Ndinawauza zomwezo."

"Unawauza chiyani?"

"Kuti mwatopa. Kuti akusiyeni."

"Chabwino, chabwino. Ndiye iwo anakakamira."

"Eya, a Mose anakakamira. Amvekere, 'Mwana iwe sukudziwa, pereka foni kwa olemekezeka.' Ine ndinawakalipira."

"Unamukalipira Mose?"

"Kwambiri. Kuofesi kwathu timaphunzitsa kuti wokalamba akati ayi, ndiye kuti ayi. Ndinawauza kuti kukakamiza munthu wa msinkhu wanu ndi nkhanza, ndipo akaimbanso ndiwanenera."

Minibasi ina, imene kuno amati matatu, inadzipanikiza kutsogolo kwawo, kondakitala ali lende pachitseko. A Spencer sanaione n'komwe. M'khutu mwawo munangotsala mawu oti wokalamba, ndipo anawawawa kuposa msana umene sunawawepo.

"Lenah, tandimvera. Imbira Mose pompano."

"Ndimuuze kuti chiyani?"

"Umuuze kuti... ndili pano."

"Akudziwa kuti muli kuno."

"Umuuze kuti ngati ali ndi mawu, ndine munthu wa anthu, ndimva."

"Ndiye kuti mpando mukuufuna?"

"Ine? Chibadwire sindinapemphepo mpando! Ndatopa!"

"Ndiye tiimbirenji? Pole, pepani amalume. Tsamirani, ndikutsitsireni mpandowo."

Anakoka kachitsulo, ndipo olemekezeka anagwa chagada, bondo lili m'mwamba. Anadzuka akulimbana ndi lamba.

"Iwe, unakulira kuti?"

"Ku Area 18, kenako kuno."

"N'chifukwa chake. Mlendo akafika kwanu, ukamupatsa chakudya, amati chiyani?"

"Amati zikomo."

"Amati ndadya kale! Ndiye iwe umatani?"

"Ndimabweza m'firiji."

A Spencer anagwira kumutu ndi manja onse awiri. Anakumbukira kuti usiku wa tsiku limene anafika kunyumba kwa Lenah ku Kilimani anati adya kale m'ndege, ndipo anagonadi ndi njala, akumva fungo la nkhuku kukhitchini.

"Tamvera, ndikuphunzitse," anatero motsitsa mawu. "Munthu wamkulu sanena chimene akufuna. N'zamanyazi. Amanena zosiyana ndi zimene zili mumtima, ndipo ana olangizika amamva okha."

"Zoona? Nthawi zonse?"

"Nthawi zonse! Ndiwo ulemu wathu."

"Dikirani ndisunge m'mutu," anatero Lenah, akugwedeza mutu pang'onopang'ono. "Wamkulu sanena chimene akufuna."

"Eyatu. Tsono loleyo auze ibwerere kunyumba kwanga."

"Ili komweko."

"Kunyumba kwanga?"

"Eya. A Mose anati lole alipira kale, amayi adzola kale mafuta, nyimbo zingawonongeke. Anandifunsa kuti apite nazo kuti. Ine ndinati pakhomopo palibe munthu wina woti angamupemphe? Ndiye anapempha anti."

"Anti ako ati?"

"Anti Miriam. Akazi anu."

Wogulitsa nthochi anagogoda pawindo, koma ataona nkhope ya a Spencer anapitirira yekha. Kandimverere adakanena za m'maluwa, koma Lenah anachita kukagawa munda womwe.

"Miriam... anakana?"

"Ayi."

"Ngakhale kamodzi?"

"Akuti amayi asanamalize vesi yoyamba, anti anali atavala kale nsapato."

"Mkazi wopanda mwambo! Kulola ulendo woyamba ngati akumupatsa mtedza!"

"Anati alibe nthawi yokana. Akuti zaka zonsezi ndi iwo amene amagona m'maliro a m'dera lonse, kuperekeza odwala ndi kuphikira anthu okudikirani pakhonde. Inu mumangofika nthawi ya zoyankhula."

"Nanga nyimbo? Nyimbo zonse zili ndi dzina langa!"

"Kamtedza ndi Kamtedza, amalume. Sanasinthe kanthu."

"Zitenje! Zitenje zili ndi nkhope yanga!"

"Anti anati azitembenuze, nkhope ikhale mkati. Nayonso ipume."

A Spencer anatsegula windo kuti apume mpweya, koma analandira utsi wa basi. Mantha enieni anawagwira tsopano. Anadziona atakhala pakhonde kwawo atavala kabudula, anthu akuwadutsa ndi moni wa m'mphepete n'kulowa m'nyumba kukaona olemekezeka ena. Ndege yawo inali ya mawa, ndipo dzuwa linali litapendeka kale. Chinawatsalira ndi foni ya mtsikanayu basi.

"Dzina apereka kale kuchipani?"

"Ayi. A Mose anati adikira mpaka madzulo ano, mwina mungasinthe maganizo. Anati ndikangowatumizira mawu, achita zomwezo."

"Mose ndi munthu! Tumiza!"

"Ndinene kuti chiyani?"

"Unene kuti... ngati anthu alimbikira, ine ndine ndani kuti ndikane?"

"Sanalimbikire. Akuti akuvina."

"Unene kuti msana wayamba kupola."

"Zikomo Ambuye! Ndiye mukapuma bwino."

"Lenah!"

"Amalume?"

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. A Spencer anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja, ngati kuti mu Nairobi monse muli wina wakwawo amene angamve. Anakweza windo. Kenako chinthu chimene sanachinenepo kwa mkazi wawo, kwa abusa, ngakhale kwa Mose, chinatuluka chonse ndi malovu omwe.

"Sindinatope! Sindinatopepo n'kamodzi komwe! Mpandowo ndikuufuna! Ndikuufuna lero, ndikuufuna mawa, ndidzafera pomwepo! Wamva?"

Lenah anawayang'ana nthawi yaitali, maso ake n'kuyamba kulengeza misozi. Anawagwira dzanja mwaulemu.

"Ndamva, amalume. Pepani kuti ndinachedwa kuphunzira."

"Palibe kanthu, mwanawe. Tumiza msanga."

Anatsamira pampando, thukuta lili kamukamu, koma mtima uli mbee. Lenah anatenga foni, anadina pojambulira mawu, n'kuyankhula momveka bwino ngati ali pamsonkhano wa kuofesi.

"A Mose, ndi Lenah. Amalume andiphunzitsa kuti wamkulu amanena zosiyana ndi zimene zili mumtima. Pompano akuwa kuti mpando akuufuna mpaka kufa, ndiye mwamva nokha mmene atopera. Kaperekeni dzina la anti."