Bokosi la pa Mitundu Lomwe Linkamasula Belo Lililonse

Abale ndi alongo mwa Ambuye, moni nonse. Ndisanayambe, mboni zanga ndi izi: mkazi wanga Nachisale, a Gama ogulitsa mayunitsi, ndi mbuzi ziwiri zomwe zinkagona pakhonde la ofesi. Mbuzizo zinadyedwa pa Khirisimasi, koma enawo alipo, kawafunseni.

Ntchito yanga ndi yosamalira rauta, bokosi lomwe limalandira intaneti ya pa chingwe cha faiba n'kuigawira masukulu ndi maofesi kuyambira pa Mitundu mpaka ku Nathenje. Faiba itafika, mauthenga ankabwera mwa liwiro loposa mphamvu za bokosilo. Linkangozimazima, ndipo linkatentha moti a Gama anaotcherapo chimanga. Sindikuwonjezera. Mphunzitsi ankatumiza kalata ya pa intaneti Lolemba, n'kukwera minibasi kukaidikira ku Lilongwe.

Abwana anandiimbira foni. "Phiri, bokosilo likangozimanso, ntchito yatha." Ana ndili nawo anayi, munda ndilibe. Bokosilo ndinalifunditsa chiguduli chonyowa monga tichitira ndi mtsuko wa madzi, ndipo linayamba kununkha ngati tayala lopsa. Ndinasala kudya, ndinagwada mpaka mawondo anaboola mphasa. Pamsika anthu anasiya kundiyankha moni. Nachisale anayamba kufunsa za utenanti ku esiteti ya fodya, ine ndikumva.

Yankho linabwera pa kabaza. Mayi wina katswiri wa makina, wotumidwa kukaona chingwe ku Nathenje, anapatuka kudzapempha potchajira foni. Anasuzumira pa kompyuta yanga n'kupukusa mutu.

"Achimwene, munagulitsapo fodya? Wonyamula amamasula belo lililonse kuti adziwe kopita?"

"Ayi mayi, amangoona kapepala kapamwamba."

"Nanga bokosi lanuli mukulizunziranji? Kachidutswa kalikonse ka uthenga likuwerenga adiresi yonse, n'kukafufuza m'kaundula."

Anaimbira anzake ku Lilongwe kuti uthenga uziikidwa kanambala kakafupi usananyamuke, ndipo analikonza bokosi lathuli kuti lizingoona kanambalako n'kupititsa. Dzuwa lisanalowe ndinaligwira. Linali lozizira ngati mphuno ya galu.

Ntchito ndikadali nayo. Abwana akuti zinatheka chifukwa cha chisanu cha Juni, ndipo mayi uja anapita ndisanamufunse n'dzina lomwe. Ndiye ndimangothokoza Mulungu amene anamuthetsera batire pakhomo panga. Inu amene katundu wakulemerani lero, musafooke kupemphera. Ndipo mlendo akapempha potchajira foni, zulani yanuyo.