Kampira ka njinga m'mwendo mwa a Gondwe

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni. Ndine mayi wa ku Ntcheu, koma ndimakhala ku Njakwa, ku Rumphi, kumene amuna anga amakonza njinga m'mbali mwa msewu. Ndikufuna ndikuuzeni mmene amuna angawo, bambo a Chisomo, anatsala pang'ono kuwolera m'ndende chifukwa cha kachitsulo kochepa ngati njere ya mapira.

M'mawa wina a Gondwe, oyandikana nafe, anapezeka m'munda mwawo mwa chinangwa atawomberedwa pansi pa bondo. Anali atataya magazi ambiri moti samayankhula. Kuchipatala, m'malo mwa chipolopolo, anawachotsa kampira kachitsulo ka m'gudumu la njinga.

Tsiku lomwelo mudzi wonse unasanduka akatswiri a mfuti. Anthu amene sanagwirepo ngakhale legeni anakhamukira kumunda, nkukolokosola timipira tina pa mtengo wa mango. Wina anayeza ndi bango nati wowomberayo anachita kunjuta, chifukwa mabala a mtengowo anali m'munsi. Wina anati mfuti inali ya gogodera, yopanga okha ija, ndipo inalozera kuchokera kumsewu. Tsono wokhala ndi timipira totere, wozolowera kunjuta tsiku lonse, wa kumsewu, ndani? Mayankho onse anathera pa amuna anga. Apolisi anadzawatenga pamene anthu anali atayamba kale kutola miyala yoti awagende.

Abale, ndinasowa pogwira. Ndikanatsutsa bwanji? Chitini cha timipira takale chinalipodi pakhomo pathu. Ndife obwera, tilibe m'bale woti atiyankhulire, ndipo amene ndinkatunga nawo madzi ankayang'ana kumbali. Ndinkagwada koma mawu osatuluka. Pemphero langa linatsala limodzi: Ambuye, a Gondwe asafe, akafa choonadi chipita nawo kumanda.

Lamlungu abusa anati amayi akaone odwala. Sindinafune, mtima wanga unali wowawa, koma ndinaphika phala nkupita. Kuchipatalako, pamalo pamene magadiyani a odwala amaphikira, ndinapeza a NyaMhango, akazi a Gondwe, ali okha, moto utazima. Ndinawapatsa phala lija, nkuwapempha kuti tipempherere amuna athu onse awiri. Ndisanafike pa amen, anandigwira mkono akulira.

"Mama, munigowokere," anatero, kupempha kuti ndiwakhululukire. "Mfuti ija ndi yathu. Amuna anga anatchera okha nguluwe zimene zimatha chinangwa, m'mawa anakodwa okha pa chingwe, mfuti nkuwomba. Ine ndi amene ndinaibisa."

Timipirato a Gondwe anachita kutola pansi pamene amuna anga amagwirira ntchito. Mabala a mtengo anali m'munsi chifukwa mfutiyo anaimangirira pa msinkhu wa nguluwe. Wonjuta uja kunalibe. A NyaMhango anakhala chete poopa kuti amuna awo akachira amangidwa chifukwa cha mfutiyo.

Sindinawakakamize, ndinalibenso mphamvu. Iwo eni anadzimanga chitenje nati, "Tiyeni, ndatopa nako kusagona." Anakafotokoza kupolisi, nkukawaonetsa pamene anakwirira mfuti m'nthochi. Bambo a Chisomo anatuluka ataonda, koma ali moyo.

Akatswiri aja lero akudzapopetsa njinga ngati palibe chinachitika, ena mpaka amati ankadziwa kale. A Gondwe anachira, akutsimphina, ndipo mlandu wa mfuti anauyankha okha.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wosowa mawu. Inu amene mwanamiziridwa ndipo umboni wonse ukuloza inu, musaleke kugwada, ndiponso musaleke kuchita chabwino ngakhale mtima ukukana. Ine ndinayang'ana thandizo kwa anthu ambiri osalipeza. Linali kwa mayi amene sindinkafuna nkomwe kumupatsa phala.