Dona Ernestina, Mlembi wa Asilikali Ogona m'Chipatala

Mayi agona kutsogolo kwathuwa, malemu Dona Ernestina Namuaca, anabadwa pa 9 Juni 1949 ku Ribáuè, m'banja la ana asanu ndi awiri, ndipo iwo anali achiwiri kubadwa. Ine ndayima panoyu ndine Venâncio Namuaca, mlongo wawo wotsiriza. Mwa asanu ndi awiri aja ndatsala ndekha. Ansembe athu, akuluakulu a mpingo, asilikali akale amene mwakhala kutsogolo kuno ndi ndodo zanu, abale ndi anansi, banja landituma kuti ndiwerenge mbiri. Mundikhululukire ngati mawu anga akumveka ouma. Chichitikire zimenezi misozi sinandibwerebe, ndiye ndingowerenga zimene talembazi.

Malemu anayamba sukulu ku mishoni mu 1957. Bambo athu ankafuna kuti azithandiza kumunda wa thonje, koma masisitere anawakakamira chifukwa cha dzanja lawo, poti ankalemba zilembo zowongoka ngati za m'buku. Mu 1967 anamaliza maphunziro a uphunzitsi nayamba kuphunzitsa ana aang'ono kwathu komweko. Chaka chotsatira anakwatiwa ndi Bambo Calisto Muririua, amene ankakonza mabuleki a sitima, ndipo anasamukira muno mu Nampula, ku Muatala, m'nyumba imene tachokerayi. Mulungu anawapatsa ana atatu: Horácio mu 1969, Zulmira mu 1972, ndi Odete mu 1976. Ambiri mwa inu munadutsa m'manja mwawo ku pulaimale. Mukudziwa kuti sanali aphunzitsi oseka ndi ana, koma palibe amene anatuluka m'kalasi mwawo osadziwa kulemba dzina lake.

Mu 1987, nkhondo ili mkati, Horácio anaitanidwa ku usilikali. Anamuika m'gulu loperekeza sitima zopita ku Cuamba. Mu Novembala 1989 sitima yawo inaomberedwa pafupi ndi mlatho wa ku Iapala, ndipo kachitsulo kanamulowa m'mutu. Anabwera naye ku chipatala cha asilikali ali moyo, koma mbali ya kumanja itafooka ndiponso osalankhula. Kuyambira pamenepo sanatulutsenso mawu.

Lachinayi masana malemu sankakhala ndi kalasi, choncho ndi tsiku limene ankaswera kuchipatala. Ankanyamula chinangwa chophika ndi kokonati, tiyi m'fulasiki, ndi makope a ana asukulu oti azichonga ali pambali pa bedi. Tsiku lina Horácio anatola pensulo ndi dzanja lamanzere, najambula njinga ya bambo ake kuseri kwa kope la mwana wa eni. Njinga yokhayokha, yopanda wokwera. Sabata yotsatira anajambulanso ina.

Pa bedi loyandikana nalo pankagona Bambo Lázaro Tocolo, amene mwendo wawo unatsala ku Malema chifukwa cha bomba lokwirira pansi. Ambiri mukuwakumbukira ndi pakamwa pawo paja. Iwo ndi amene anati, “Aphunzitsi, mwana wanuyo mwampatsa pensulo. Nanga enafe ndife ana a ndani?”

“Mumatha kulemba?” anafunsa malemu.

“Kulemba ayi. Koma kunama ndimatha kwambiri. Inu muzilemba, ine ndizinama.”

Tsiku limenelo malemu analemba ndakatulo yoyamba ya m'wodi ija. Bambo Lázaro ankalankhula ndi mwendo wawo wotayikawo, kuufunsa ngati ukadavalabe nsapato ya boma, ndiponso ngati wapeza mwini wina woutengera kumadansi. Wodi yonse inaseka, ena mpaka mabala anawapweteka. Lachinayi lotsatira amuna anayi anali akudikira ndi nkhani zawo.

Horácio anamwalira mu Ogasiti 1990. Malemu sanalire pamanda, ndipo anthu ena anayankhula za zimenezo. Lachinayi litakwana ndinawapeza akuthira tiyi m'fulasiki, atavalabe zakuda.

“Achemwali, mukupita kukaona ndani?” ndinafunsa.

“Pali nkhani ya mnyamata wogona pafupi ndi khomo la wodi, tinaisiyira panjira,” anayankha. Anatenga chikwama n'kutuluka.

Mu 1991, pamodzi ndi anamwino awiri ndi akatekisiti a parishi yathu, anayambitsa bungwe lachifundo lotchedwa Abwenzi a Lachinayi. Ntchito yake inali imodzi: kusonkhanitsa ndakatulo, nkhani ndi zojambula za asilikali ogona m'chipatala, n'kuzisindikiza m'magazini yotchedwanso Lachinayi. Malemu ankatayipa pakhonde la nyumba yawo. Masamba ankachulukitsa pa makina opukusa ndi dzanja a kuparishi, ndipo manja awo ankakhala akuda ndi inki mpaka Lamlungu. Lamulo lawo linali lakuti mawu a munthu sasinthidwa. Wonena m'Chimakua ankamulembera m'Chimakua, wa Chipwitikizi m'Chipwitikizi. Pansi pake ankaika dzina la mwini ndi kwawo, basi, udindo wa kuusilikali ayi. Magaziniyi inkagawidwa m'mawodi, kugulitsidwa pakhomo la tchalitchi, ndipo ina inkakwera sitima kupita ku Nacala ndi ku Cuamba. Mayi wina wa ku Monapo, amene anali atachita kale mwambo wa maliro a mwana wake, anamva dzina la mwanayo likuwerengedwa pansi pa chithunzi cha mbuzi. Anabwera kudzamutenga.

Tsopano ndifika pa nkhani imene ambiri mumaidziwa mwapatalipatali. Banja lagwirizana kuti inenedwe pano momwe inachitikira, kuti isapitirire kuyenda m'makutu.

Mtendere utabwera mu 1992, m'wodi muja munayamba kulowa amuna a mbali inayo, amene ankamenyera kutchire. Mu 1994 munagonekedwa Bambo Assane Nicuara a ku Mecubúri, amene maso awo onse anawonongeka ndi bomba. Anzawo m'wodimo sankawalankhula. Bambo Lázaro, amene nthawi imeneyo anali atagonekedwanso chifukwa cha bala la pachitsa cha mwendo, ankawatchula kuti wakuthengo. Lachinayi lina Bambo Assane anamva phokoso la mapepala, nati, “Amayi olembawo, kodi ifenso amatilembera?”

Malemu anakokera mpando pa bedi lawo. Bambo Assane sankadziwa kuti mayiwo ndi ndani, ndipo palibe amene anawauza. Anayamba ndi mmene anatengedwera kumunda ali mnyamata. Kenako anati:

“Chaka china tinagona m'udzu pafupi ndi mlatho wa ku Iapala. Mvula yoyamba inali itangogwa. Sitima inabwera pang'onopang'ono. Pamwamba pa ngolo ina panali msilikali wamng'ono akudya mango, mfuti ataiika pamiyendo. Ndinamuona bwinobwino, mpaka madzi a mango akuyenderera pachigongono. Kenako tonse tinaombera. Sindikudziwa ngati chipolopolo chimene chinamupeza chinali changa. Maso anga anatha, koma iyeyo ndimamuonabe.”

Bambo Lázaro anakuwa ali pabedi pawo. “Tseka pakamwa, galu iwe! Ukudziwa amene ukulankhula nayeyo?”

“Bambo Lázaro, nthawi yanu ikubwera,” anatero malemu. “Pitirizani, Bambo Assane. Koma pang'onopang'ono, dzanja likutsalira.”

Analemba mpaka munthuyo anamaliza. Anamuwerengera zonse kuti amve ngati zili momwe ananenera. Kenako anapita pa bedi lotsatira. Anamwino amene analipo tsikulo ali pakati pathu, ndi amene anatifotokozera.

Nditamva, ndinapita kunyumba kwawo. “Achemwali, munawafunsa kuti chinali chaka chiti, tsiku liti?”

“Sindinafunse.”

“Bwanji?”

“Sitima zinaomberedwa zambiri pamenepo, Venâncio. Ndipo mwana aliyense amadya mango.”

Mpaka tsiku la imfa yawo sanafunse. Bambo Assane atauzidwa kuti mayiwo ndi ndani, anakana chakudya, napempha kuti pepalalo ling'ambidwe. Malemu anawayankha kuti ngati ananama aling'amba, koma ngati sananame lilowa m'magazini ngati la wina aliyense. Linalowa, mu Disembala 1994.

Zimene zinatsatira sizinali zabwino. Mamembala ena a bungwe anasiya. Pakhomo la tchalitchi munthu wina anang'amba magazini pamaso pawo n'kuwaponyera kumapazi. Alamu anga Bambo Calisto, amene ngolo ya sitima ija anaitsuka magazi ndi manja awo itabwerera ku Nampula, anati, “Ernestina, munthu ameneyu wamupatsa tsamba. Mwana wathu wamupatsa chiyani?” Malemu anangoti, “Anali pabedi, ananena, ine ndinalemba. Ndi zimene ndinapitira kumeneko.” Alamu anapempha kuntchito kuti awasamutsire ku Nacala, ndipo anakakhala kumeneko mpaka 1997. Atabwerako banja linapitirira mwamtendere, koma alamu magaziniyo sanaigwirenso m'manja, ndipo dzina la Bambo Assane silinkatchulidwa m'nyumbamo. Sindikunena izi pofuna kuweruza wina. Ineyo mpaka lero sindidziwa amene ankalondola.

Bambo Lázaro anayankha ndi ndakatulo yaukali m'magazini yotsatira, ndipo malemu anaisindikiza osachotsa liwu. Bambo Assane anayankhanso. Anthu awiriwa anayankhana choncho kwa zaka zambiri. Sanagwirizanepo, koma popeza Bambo Lázaro anali ataphunzira kuwerenga m'wodi momwemo, ndi iwo amene ankawerengera mnzawoyo magazini ikatuluka. Ankati, “Khala bwino, wakuthengo iwe, ndikuwerengere zonyansa zakozi.” Bambo Lázaro anatisiya mu 2008. Ndakatulo yowalira inapekedwa ndi Bambo Assane.

Malemu anapuma pa ntchito ya uphunzitsi mu 2004, koma Lachinayi sanalisiye. Odwala anasintha. Anakhala amuna okalamba, a shuga, a kuthamanga kwa magazi, a mabala akale otsegukanso, ndipo kenako anyamata ena atsopano ochokera ku nkhondo ya kumpoto. Makina opukusa aja anatha ntchito, mwana wawo Zulmira nayamba kutayipa pa kompyuta. Malemu ankadandaula kuti kompyuta imakonza mawu a anthu popanda kuwapempha.

Mu Epulo 2021 anadwala sitiroko ali pakhonde. Lilime linalemera ndipo dzanja lamanja linasiya kugwira. Alamu anga ndi amene ankawasambitsa, kuwadyetsa phala, ndi kuwatembenuza pabedi, ngakhale iwonso ndi okalamba. Anakana kuti wina awalandire ntchitoyo. Lachinayi likafika ankaitana okha galimoto, kuwanyamulira mpando, kukawasiya pakhomo la wodi, iwo n'kukhala panja pansi pa mtengo mpaka atuluke. M'katimo malemu sankalembanso. Ankangomvetsera, Zulmira akulemba.

Kumayambiriro kwa mwezi uno anayamba kubanika. Anagonekedwa m'chipatala chachikulu, ndipo madokotala anayesetsa. Anamwalira pa 17 Okutobala 2023, m'mawa, ali ndi zaka 74. Mawu otsiriza sanasiye. Anapempha madzi, anamwa pang'ono, anagona.

Malemu asiya amuna awo, Bambo Calisto Muririua, ana awiri, Zulmira ndi Odete, zidzukulu zisanu ndi chimodzi, kamdzukulutuvi kamodzi, ndi ine mlongo wawo. Bungwe la Abwenzi a Lachinayi lati lipitiriza, ndipo magazini imene inali pafupi kutuluka ituluka.

M'malo mwa banja ndikuthokoza madokotala ndi anamwino a zipatala zonse ziwiri. Ndikuthokoza ansembe, amayi a mpingo amene akhala akuphika ndi kuimba, anzathu a ku Muatala amene atibwereka mipando ndi malona, ndi anzawo akale a alamu a kunjanji amene apereka galimoto. Inu asilikali akale, mwapempha kuti munyamule bokosi kuchoka pagalimoto kukafika pamanda. Banja lavomera. Amene muli ndi mphamvu munyamule, enanu mungogwirako.

Bambo Assane Nicuara afika m'mawa uno kuchokera ku Mecubúri, atatsogoleredwa ndi mwana wawo wamkazi. Anayima kunja kwa mpanda, natumiza mawu ofunsa ngati angalowe. Ife tinakafunsa alamu anga. Iwo anati, “Apatseni mpando pamthunzi, ndi munthu wamkulu. Bokosi agwireko ngati akufuna. Koma ine asandipatse moni.” Andilola kuti ndinene zimenezi pano, kuti wina asalakwitse pofuna kukonza zinthu. Bambo Assane, mwamva. Tikuthokozani chifukwa chobwera.

Tikamaliza pemphero, galimoto ya thupi itsogola, a ndodo ndi a njinga za olumala akwere yachiwiri, enafe titsatire wapansi.

Achemwali, Dona Ernestina, mbiri yanu ndi imeneyo. Ngati ndalakwitsa pena, palibenso wondikonza. Mulungu akulandireni, ndipo mugone mumtendere.