Matenda Anga Analibe Dzina

Amene akuganiza kuti Nabanda amakokomeza nkhani asachoke, akhale pomwepo andimve mpaka kumapeto, kenako anditsutse ngati mawu adzakhala akadalipo. Iwe Tadala, ndakuona ukutsinzinira mnzakoyo. Swani mtedzawo, manja kuntchito, makutu kwa ine.

M'zaka zija foni isanakhale ya aliyense, pamene ku Boma tinkapita pa njinga yakapalasa osati zamoto zikutisokosa lerozi, ine ndinali mkazi woti ndikalowa m'tchalitchi nyimbo inkasokonekera. Ndinafika Folomu 4 ine, mtsikana woyamba m'banja mwathu kwa Dambe, ndipo pamene bambo Jere, mphunzitsi, ananditenga kubwera nane kuno kwa Mlonyeni, m'mudzi muno munalibe mkazi wina wodziwa kuwerenga nyuzi ya Chingerezi. Thupi ndinali nalo lodzaza chitenje, osati timatupi tanu ta masiku ano tokhala ngati mwabwereka.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Nditangosiyitsa mwana wanga wachiwiri kuyamwa, m'mimba munayamba. Ndikadya, mimba inkafufuma mpaka amayi anzanga kundifunsa ngati ndaimanso, kenako inkalira ngati achule a kudambo, ndipo kulirako kukatha linali liwiro la kuchimbudzi. Musaseke, atsikana. Inu lero mutu ukangoti waa mwatsegula kale foni kufunsa kuti n'chiyani, koma ife nthawi imeneyo za kuchimbudzi sitinkazitchula ngakhale kwa mwamuna wako, tinkangoti m'mimba, womvayo azidzazira yekha.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo ine zitseko ndinatsekula zambiri. Kuchipatala chaching'ono anati ndi njoka za m'mimba, ndinamwa mankhwala. Ulendo wina anati malungo. Kwina anati zilonda za m'mimba, n'kundiuza kuti ndisiye nyemba, tsabola ndi zokazinga, ndizidya zofewa. Nanga chofewa kuposa buledi woviika mu tiyi n'chiyani? Ndinasangalala ndi lamulo limenelo, chifukwa buledi ndinamuzolowera kusekondale, ndipo pakhomo pa aphunzitsi sankasowa. Kuyambira pamenepo m'mawa buledi, masana ndikaopa nsima buledi, ndikapita kumsika sikono.

Ndinaonda mpaka mphete inkavuka yokha ndikamachapa. Anthu anayamba kunong'ona za kachilombo, ndipo ndinakayezetsa, osati kamodzi, bambo Jere ali pambali panga, koma ulendo uliwonse ankati mulibe. Mudabwa ndikakuuzani kuti ndinkatuluka m'chipindamo nditakwiya. Anzanga amene anawapeza nako ankalandira mankhwala, pakapita miyezi masaya abwerera, akupalasa njinga kupita kumalire kukagula zitenje, pamene ine wopanda kanthune ndikutha ngati sopo wa pachitsime.

Koma amene anandidyetsa nsanje yeniyeni ndi alamu anga a Najere, mlongo wawo wa bambo Jere, amene nyumba yawo ndi iyo ili kuseri kwa mibawayo. Iwo sukulu analekera Sitandade 5. Tsiku lina anangoti ludzu, ludzu, kukodza pafupipafupi, anapita kuchipatala kamodzi kokha, kamodzi, n'kubwerako ndi dzina: shuga. Eee, munaona kodi munthu akudwala mwaulemu? Abusa anawatchula paguwa. Amayi a mpingo anapita ndi nyimbo. Akati ndatopa, mpando unkabwera wothamanga, ndipo kumunda anthu ankati a Najere asapse ndi dzuwa, ali ndi shuga. Ine ndikati ndatopa, ankati nanga a ku sekondale khasu analidziwira kuti?

Mukudziwa mwambo wathu, wodwala sapitirwa chimanjamanja, ndipo chimene aliyense amanyamula ndi buledi. Ndinkakhala pakhonde pano n'kumaona mikate ikudutsa m'mapepala kupita kwa a Najere, mtima ukundipsa. Madzulo iwo ankabwera nayo kuno, akuyenda pang'onopang'ono kuti aliyense aone kuti wodwala akudutsa.

“Alamu, tengani buledi uyu. Ine adokotala anandiletsa woyerayu.”

“Zikomo alamu, kwathu aliponso.”

“Aaa, landirani. Anuwo poti ndi matenda a ku sekondale, amalola buledi.”

Ndinkalandira, ndipo ndinkadya, mwina ndikulira. Walira mvula walira matope, atsikana.

Vuto lalikulu linali pamaliro. Lero ku Boma mumaona matenti, mipando ndi anthu olembedwa ganyu yophika, koma kuno maliro anali a amayi a m'mudzi, ndipo mpaka pano ndi choncho: ndife timatunga madzi, timasonkha ufa, timakoleza moto, ndipo tikaphika timadyera limodzi. Tsono taganizani, anthu mudzi wonse, chimbudzi chimodzi chotchinga ndi chiguduli, azibambo atakhala chapafupi pomwepo. Ine mkazi wa aphunzitsi ndizidutsa pamaso pawo kupita n'kubwera, kupita n'kubwera? Ndinasankha kusadya. Mbale ikafika ndinkati ndakhuta, ndipo njala ikandipweteka ndinkazembera kuseri kwa nkhokwe n'kutulutsa buledi wanga m'chikwama.

Tsiku lina a Namaseko anandipeza. A Namaseko ndi aja amatsogolera amayi pa zophika za pamaliro, aja a mawu okhuthala, ndipo nthawi imeneyo anali ndi mphamvu zawo zonse. Sanandikalipire kuseriko ayi, anadikira ndibwerere pamphasa pamene panali amayi onse.

“Mayi Jere, nsima yathuyi ili ndi chiyani? Munationa tikuthiramo kanthu?”

“Ayi mayi, ndi m'mimba.”

“M'mimba tonse tili namo. Matenda ake ati?”

Ine amene ndinkayankha mafunso m'kalasi mphunzitsi asanamalize kufunsa, tsiku limenelo ndinangoyang'ana zala zanga.

“Alamu anu awa akudwala matenda odziwika, koma theka la mtanda adya, kulemekeza malemu. Inu mwakana kwa a Phiri, mwakana kwa a Tembo, lero mwakananso. Maliro n'kulirana, mayi. Ndiye mumve pamaso pa anzanuwa: tsiku likadzagwa pakhomo panu, kubwera tidzabwera, koma moto sitidzakoleza. Anthu adzadya za m'chikwama mwanumo.”

A Najere anangoti, “Musawatero, mwina akudwaladi,” koma mawu akuti mwinawo anawakoka ngati chingamu.

Inu mukadali ana, mukuona ngati ndi nkhani yaing'ono. Koma ine nthawi imeneyo ndinkadziwa mumtima kuti maliro otsatira pakhomo pano ndi anga. Tsitsi linkathothoka, m'kamwa zilonda, ndikakwera kachulu mtima unkagunda ngati mtondo. Imfa sindinkaiopa kwambiri, chimene chinkandisowetsa mtendere ndi ichi: abale anga achoke kwa Dambe, anzanga a kusukulu atsike minibasi kuchokera ku Lilongwe, adzapeze pakhomo pa Nabanda pali zii, popanda utsi, n'kumafunsana kuti kodi mayiyu ankakhala bwanji ndi anthu? Bambo Jere ankandinyengerera kuti, “Amake Chifundo, muzingotsina pang'ono kuti aone,” koma iwo si amene akanadutsa pamaso pa azibambo aja.

Ndinayesa zonse. Ndinamwa makungwa owawa amene mayi wina wa geni anabwera nawo kuchokera ku Zambia, akuti kumeneko achiritsa ambiri. Ndinasala kudya ndi kupemphera, ndipo chodabwitsa n'chakuti masiku osalawo m'mimba munkakhala bata, koma ndikamasula ndi tiyi ndi buledi zonse zinkayambiranso, ine n'kumati chikhulupiriro changa n'chochepa. Zaka zinapita choncho, mwana amene ndinamusiyitsa kuyamwa uja mpaka anafika Sitandade 8.

Chimene chinandipulumutsa n'kugwa. Ndinagwa pamsika ku Boma, pakati pa ogulitsa tomato, dzuwa lili paliwombo, ndipo kuchipatala atandiyeza anati magazi atsala ochepa kwambiri, koma kumene akupita sakukuona, choncho ananditumiza kuchipatala chachikulu ku Lilongwe. Kumeneko ndinakumana ndi dokotala wa za m'mimba, mayi wodekha, amene anandifunsa mafunso oti munthu wamanyazi akanathawa: kangati patsiku, zooneka bwanji, zonunkha motani. Ndinakumbukira kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo ndinafotokoza zonse mwadongosolo, mwina m'Chingerezi, mpaka iye anati ndimalongosola bwino. Anatero ndithu, bambo Jere ndi mboni. Kenako anandilowetsa kapaipi ka kamera kukhosi mpaka m'matumbo, n'kutsinako kanyama kokayeza. Alamu anga anangobayidwa pachala, ine kamera, muzisiyanitsa.

Nditabwereranso kukamva zotsatira, dokotala uja anandifunsa kuti, “Mayi, buledi mumadya?”

“Tsiku lililonse, adokotala. Kwathu sasowa.”

“Ndiye amene akukumalizaniyo.”

Anandifotokozera kuti thupi langa limadana ndi tirigu, kuti akangolowa matumbo amanyuka m'kati, chakudya n'kumangodutsa osasiya mphamvu. Buledi, sikono, mandasi, mabisiketi, chilichonse cha fulawa. Matendawo anati dzina lake ndi siliyaki. Ndinamupempha atchulenso, ndipo ndinalibwereza mpaka linakhala pa lilime.

“Nanga mankhwala ake?”

“Palibe, mayi. Kusiya tirigu basi, moyo wanu wonse. Nsima idyani, nyemba idyani, mbatata, chinangwa, thobwa, zonsezo ndi zanu.”

Anangondipatsa owonjezera magazi a kanthawi kochepa. M'minibasi pobwerera bambo Jere ankathokoza Mulungu, ine ndikuganiza kuti zaka zonsezi ndavutika, ndipite kumudzi wopanda ngakhale kabotolo koti ndiziika pawindo anthu aziona?

Koma thupi silinama. Mimba inaphwa, liwiro lija linatha, ndipo pofika nthawi yokumba mtedza ndinkamaliza mzere limodzi ndi anzanga. Anthu ankangoyang'ana, osafunsa, ndipo ine sindinauze aliyense, ndinkadikira malo ake.

Malo akewo anafika pamene anamwalira agogo ena kumunsi kwa mudzi. M'mawa tiyi atabwera ndi buledi, ndinakankha mbale n'kunena mokweza kuti, “Uyu ayi, adokotala a ku Lilongwe anandiletsa.” Amayi anayang'anana. Masana nsima itafika ndinasamba m'manja, ndinakakhala pambale imodzi ndi a Namaseko, ndipo ndinatema mtanda ndi nyemba zomwe. A Namaseko anandifunsa:

“Mayi Jere, lero mwatani?”

“Matenda anga apezeka, mayi. Ndi siliyaki. Nsima yanu inalibe mlandu, wolakwa anali buledi.”

“Buledi? Yemwe uja wa kuseri kwa nkhokwe?”

“Yemweyo, ndi wina amene ankandipatsa achibale.”

A Najere anatsokomola. “Nanga mapiritsi ake ali kuti, alamu? Matenda opanda mapiritsi ndi matenda amenewo?”

“Alamu, anuwo ali ndi aliyense, ngakhale ogulitsa makala. Anga adokotala anachita kuitana anzawo kuti adzaone.”

Amayi anaseka mpaka wina anawakumbutsa kuti tili pamaliro. A Namaseko okha sanaseke. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumaso mpaka m'manja, kenako anati, “Ndiye mwana wa eni ake ankavutikadi.” Anatenga mtanda wachiwiri n'kuukankhira mbali yanga. “Malizani uwu. Amayi, mwamva nonse: kwa a Jere tidzakoleza.”

Choncho atsikana, mukadwala musamachite manyazi pamaso pa dokotala, nenani zonse ngakhale zonunkha, ndipo chitseko china chikakana kagogodeni china. Mukamakaona wodwala yambani mwafunsa chimene amadya, si aliyense amene buledi amamukomera mtima. Ndipo mnzanu akati ndikumva kuwawa, mukhulupirireni dzina lisanapezeke, chifukwa ululu umayamba kale dzina likadali m'njira.

Musaganize kuti nsanje inatha. A Najere mpaka lero ali ndi tsiku lawo la kuchipatala, amavala bwino, amakwera yamoto kupita ku Boma, ndipo akabwerako anthu amakawafunsa kuti shuga ali bwanji. Ine palibe amene amabwera kudzandizonda, akuti ndikuoneka bwino, ndipo paukwati anzanga akamadya keke ine ndimayang'ana kudenga. Mukandifunsa chimene ndinapindula pa zaka zonsezo, ndikuuzani mosawonjezera: mapiritsi ayi, alendo ayi. Ndinapindula dzina limodzi limene alamu anga amalephera kulitchula mpaka lero, ndi moto wa pamaliro anga, wolonjezedwa pamaso pa amayi onse a m'mudzi muno, umene, ndi mmene ndikudyeramu, nkhuni zake chiswe chiyamba chadya ine ndisanafe.