Mkaka wa M'chipinda Chopopera Vanishi

Malemu anabadwa pa 9 Okutobala 1967, mwana wachiwiri mwa ana asanu, m'nyumba yoyandikana ndi dzenje limene bambo athu ankachekerapo matabwa ndi sowo ya anthu awiri. Masiku amenewo mbawa zinkayambira kuseri kwa khitchini. Ine ndafika dzana patapita zaka zambiri, ndipo ndafunafuna mthunzi woti ndiimikepo galimoto, ndausowa.

Anayamba sukulu mu 1974, ndipo masamu ankawatha kuposa tonsefe. Mu 1981 mtengo unagwera bambo. Achemwali anapinda yunifolomu n'kuyamba kugulitsa nkhuni kuti ife aamuna tipitirize kuphunzira.

Anakwatiwa mu 1988 ndi alamu athu, dalaivala wa lole yonyamula mitengo, ndipo Mulungu anawapatsa ana atatu. Alamu anatisiya pa ngozi mu 2003, mwana womaliza ali kumsana. Mwanayo ndi uyo wakhala pafupi ndi bokosiyo. Chimwalirire amayi ake sanaike kanthu kukamwa, akuti anawapha ndi iye. Banja landituma kuti ndimuyankhe pamaso panu, choncho mundilole ndifotokoze za ntchito ya malemu mosabisa.

Mu 2004 analembedwa ku fakitale yopanga mipando yotumiza kunja. Anayambira kukwecha miyendo ya mipando ndi sandipepala, mpaka mizere ya kuzala inafufutika. Anzawo anawatcha aMbuu, poti poweruka ankatuluka ali mbuu mpaka m'nsidze. Iwo ankangoseka, ankati mtauni monse ndi okhawo odzola paudala waulere. Mipandoyo ndinaiona kunja kumene ndinkakhala, m'masitolo a magalasi okhaokha, ili ndi kapepala konyadira kuti yasalazidwa ndi manja. Manja a yani, kapepalako sikankanena. Kunyumba kwawo alendo ankakhala pa benchi ya zidutswa zotsala.

Mu 2010 anawakweza, n'kuwasamutsira m'chipinda chopopera vanishi. Chipindacho chilibe zenera, pakuti fumbi likalowa limamatirira pampando, ndipo ogula akunja amaubweza. Zotchinga kumphuno zenizeni zinalipo, zokhomeredwa m'kabati ya akapitawo. Zinkatuluka tsiku limene ogulawo abwera kudzayendera, ndipo iwo akangokwera galimoto, zinkabwereranso m'kabati. Masiku ena onse munthu ankamanga kansalu kumphuno, ndipo ankalandira paketi ya mkaka, ati umatsuka m'chifuwa. Onse ankakhulupirira zimenezi, akapitawo omwe ankamwa wawo mokhulupirika. Malemu ankaika wawo m'chikwama n'kupita nawo kwa mwana womalizayu, amene paubwana anali wodwaladwala. Anzawo akawadzudzula ankawauza kuti chifuwa chawo n'chakale, chinaumira pamthunzi ngati thabwa labwino, sichingang'aluke.

Mu 2019 anayamba kubanika. Anamwa mankhwala a chifuwa chachikulu mpaka kumaliza, osasintha. Mu 2022 fakitale inawapumitsa ntchito ndi satifiketi ya mufelemu yokongola. Chaka chino, kuchoka pabedi kukafika pakhomo ankapumira panjira, atagwira khoma. Anatisiya Lachiwiri pa 12 Novembala 2024, ali ndi zaka 57.

M'chipatala muja, wina wodzazonda ananena, mwina mwachifundo, kuti akanamamwa mkaka uja bwenzi akuyenda. Mwanayu anali kumiyendo kwa bedi, ndipo anamva. Dzulo ndinapita kwa adokotala amene ankawasamalira, n'kuwafunsa mosapita m'mbali. Anandiyankha kuti mkaka umatsikira m'mimba, utsi wa vanishi umalowa m'mapapo, ndipo njira ziwirizi sizikumana. Akanamamwa ndowa yathunthu tsiku lililonse, tikanasonkhanabe pano lero.

Choncho iwe mwana wa achemwali, ndikunena ine malume ako, anthu onsewa ndi mboni. Mkaka umene unamwa sunachotse ngakhale tsiku limodzi pa moyo wa amayi ako. Mwa zonse zimene fakitale ija inawapatsa, chimene chinagwira ntchito ndi chokhacho, pakuti iwe wakula. Tikabwerako kumanda, azakhali ako akupatsa mbale. Udye.

Malemu asiya ana atatu, zidzukulu zinayi, ang'ono awo awiri, ndi ine mlongo wawo. Tikuthokoza anamwino a kuwodi ya amayi, ampingo, ndi aneba amene ankatunga madzi pamene malemu sankathanso kunyamula ndowa. Afakitale atumiza lole ndi nkhata ya maluwa, talandira. Inu anzawo a m'chipinda chija mwaima kumbuyoko, tikukuthokozani kwambiri. Mwakhala mukutsokomola chiyambire mwambowu, ndipo zimene adokotala ananena zija mwadzimvera nokha.

Bokosi limene agonamoli mwakhoma ndinu, mwalikwecha ndinu. Ndamva ena akunong'onezana kuti n'losamaliza, poti silikuwala. Tinachita kupempha ndife kuti lisapoperedwe vanishi. Achemwali apuma utsi wake wokwanira.

Mzimu wawo uuse mumtendere.