Mawu a Esinati, Dzina la Zuze

Zuze, uja amagulitsa matayala a njinga pamsika wa Bangula, ndiye anandilakwira, ndipo mumvetsetse adzukulu inu chifukwa ine sindinena kawiri. Nthawi ya makaseti, mafoni asanabwere, ine ndinkaimba ulimba, mangolongondo a kwathu kuno, ku Makhanga, ndipo agogo anu Esinati ankatsogolera nyimbo za gule wa utse ndi mawu omveka mpaka tsidya la Shire. Zuze anabwera ndi wailesi yake ya makaseti awiri n'kutijambula patsinde pa bwemba.

"Achimwene, dzina la alamu likhala pachikuto penipeni," anatero.

Kaseti itatuluka, pachikuto panali nkhope yake atavala tayi, pansi pake n'kulemba kuti Zuze ndi Gulu Lake. Gulu liti? Munthu woti ngakhale kuomba m'manja amaphonya. Ndinamulondola, iye akutafuna nzimbe n'kumati tikonza pa makaseti otsatira, koma otsatirawo anafika mpaka ku Mozambique chikuto chili chomwecho.

Esinati anamwalira, ndipo madzi osefukira anatenga ulimba, kaseti yanga ndi nyumba yomwe. Ndinangoti basi, mawu ake apita.

Tsono mkulu wanu Rute, uyu akuphunzira unamwino ku Blantyre, atabwera kutchuthi anandionetsa mabuku ake onse ali mufoni.

"Agogo, buku limodzi mtengo wake umaposa mbuzi. Koma kuli anthu ena pa intaneti amaunjika mabuku kuti aliyense azitenga ulere. Eni mabukuwo amati n'kuba."

"Dzina la wolemba amalifufuta?"

"Ayi, lili pomwepo."

"Nanga ounjikawo amadya chiyani?"

"Amangopempha kuti wofuna aponyeko kangachepe, makina awo asazime."

Anthu amenewo ine ndimawapatsa ulemu. Wolemba naye ali ndi mimba, sindikukana, njala ya woimba ndikuidziwa ine. Koma wakuba amene akusiyira dzina lako, n'kuphunzitsa mwana wa msodzi kubaya jakisoni, sindingamukhazike mphasa imodzi ndi Zuze.

Kenako Rute anafufuzafufuza n'kupeza kaseti ija. Munthu wina wa ku Beira, sitimudziwa n'komwe, anaisunga zaka zonsezi n'kuiika pa intaneti poti aliyense amve osalipira. Rute ataitsegula pafoni, Esinati anayamba watsokomola kaye monga ankachitira, kenako n'kukweza mawu. Ndinali chiimire, ndinakhala pansi. Ndinauza Rute kuti amulembere munthuyo m'Chisena kuti takhuta, ndiye kuti zikomo, ndipo amuuzenso kuti woimbayo ndi Esinati. Anayankha mwaulemu kuti iye anangolemba zomwe zili pachikuto, koma Zuze akavomera ndi pakamwa pake pafoni, asintha tsiku lomwelo.

Ndinakwera kabaza mpaka ku Bangula kukamupempha Zuze kuti avomere.

"Mubwere mawa achimwene, lero makasitomala achuluka."

Panalibe kasitomala ndi mmodzi yemwe.

Inu zidzukulu, mabukuwo tengani muphunzire, ndipo mukadzayamba ntchito mudzaguleko limodzi, mwini wake naye adye. Koma dzina la munthu musamalichotse.

Zuze ali moyo, matayala akugulitsabe. Pafoni palembedwabe Zuze ndi Gulu Lake. Dzina la Esinati sanabweze.