Foni ya Amake Mkwatibwi Yavala Zakuda

Ukwati unali mawa lake, ndipo amake mkwatibwi, mayi wosamva za munthu, anali asanathe kuwerenga mawu okayankhula kuphwando, omwe anawalemba pafoni. Akangofika mzere wachitatu, kuwala kwa foniyo kunkawabaya m'maso, misozi chuchuchu, zilembo n'kusokonekera. Ndiye anathamangira kwa mlongo wawo wamng'ono, wokonza mafoni, munthu womva chilichonse monga momwe chanenedwera.

Iye anadinadina kawiri n'kuwabwezera. Foni yonse bii, zilembo zokha zoyera.

"Wamwalira ndani?" anafunsa mayiwo, ataigwira ndi zala ziwiri.

"Sindinamve uthenga, achemwali."

"Nanga foni yanga yavaliranji zamaliro?"

"Sinavale kanthu. Chikuto chake ndi ichi, ndachotsa ndine."

"Iwe, ine ndikayime pa ukwati wa mwana wanga ndi mdima m'manja? Akuchimuna adzati chiyani?"

Mlongoyo anaganiza kaye ndithu, chala pachibwano. "Sindingadziwe. Sindinawazolowere."

"Adzati ndikulodza banja lisanayambe."

"Foni imeneyi ilibe pulogalamu yotero."

Mayiwo anaseka mpaka kugwira tebulo, koma sanagonje. "Bwezera zoyera. Ukwati ndi zoyera, keke yoyera, diresi loyera."

"Suti ya mkwati ndi yakuda."

"Ameneyo ndi mwana wa eni, sindinabereke ndine."

"Ingowerengani kamodzi, achemwali. Maso akapweteka ndibwezera."

Mayiwo anakhosomola, kuyimika khosi ngati ali kale pamaso pa anthu, n'kuyamba. Mzere wachitatu unadutsa. Wachisanu unadutsa. Anafika mpaka pomwe analemba kuti mwana wanga, nyumba yatsala yaikulu, ndipo anamaliza bwinobwino, mawu osanjenjemera. Anagwira m'munsi mwa diso. Gwa.

"Mwaona?" anatero mlongoyo, akunyadira. "Ngakhale kadontho."

Apa ndiye mantha enieni anawagwira. Amake mkwati anali atayamba kulira Lachiwiri, ndipo ankalira mokoma, ndi kampango kopeta. Nanga iwo, mwini mwana, akayime maso ouma ngati akulengeza za galimoto yotseka njira?

Anakankhira foni patebulo.

"Bwezera zoyera."

"Koma mudzalira, achemwali."

"Wonjezeranso kuwala mpaka kumapeto. Mayi uja sandiposa pa mwana wanga yemwe."